Singano ndi Voti

Pa zipangizo zonse za m'nyumba palibe cina cocepa ndi cofatsa kupambana singano. Siicita phokoso monga nyundo, ndipo siiopsa munthu monga mkondo. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Britain ndi ku America anali kuphunzitsa ana ao aakazi kusoka ndi kupeta nsalu, poyesa kuti mkazi wogwira singano adzakhala cete pakhomo, osalowerera nkhani za boma zimene anati nza amuna okha. Koma mbiri isonyeza kuti zinthu sizinayende monga iwo anafunira. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Akazi amene anamanidwa mau m'bwalo, namanidwanso voti pa cisankho, anatenga singano yomweyo nalemba nayo maganizo ao pa nsalu. Zina mwa nsaluzo zinalowa m'milandu, zina zinayenda m'miseu pamwamba pa makamu a anthu, ndipo zina zinasokedwa m'kati mwa ndende.

Pofuna kumvetsa kulemera kwa nsalu zotere, nkoyenera kuyamba kudziwa kapetedwe kace. Wopeta atenga nsalu yolimba ya timabowo tondondozana ngati sefa. Cithunzi cimene afuna acijambula pa pepala la timabokosi, ndipo kabokosi kali konse kaimira kubaya kumodzi kwa singano ndi mtundu wa ulusi woyenera pamenepo. Tsono awerenga timabowo, napititsa ulusi wa silika kapena wa ubweya wa nkhosa mopendeketsa, kapena mopingasa kawiri kuti upange kamtanda, kufikira nsalu yonse itaphimbika. Ngati nsaluyo iri ndi timabowo 10 pa inchi imodzi, mtsamiro wa mainchesi 12 m'litali ndi 12 m'lifupi ufuna kubaya nthawi 14,400. Motero mau olembedwa ndi singano sakhala mau opulumuka m'kamwa. Mwini wace akhala nao masabata kapena miyezi, ndipo ali ndi mpata wokwanira wakuti awamasule ngati wasintha mtima.

Mtsamiro Umene Unakhala Mboni

M'caka ca 1568 Mary, Mfumukazi ya ku Scotland, anathawira ku England atalandidwa ufumu ndi nduna zace. Anayembekeza kuti mbale wace Elizabeth, Mfumukazi ya ku England, adzamthandiza. Koma Elizabeth anamuopa, pakuti Akatolika ambiri anali kunena kuti Mary ndiye woyenera kukhala pa mpando wa England. Masiku amenewo ufumu sunali wosankha ndi voti. Unali kutsata magazi, ndipo Elizabeth analibe mwamuna kapena mwana, pamene Mary anali ndi mwana wamwamuna dzina lace James. Cifukwa cace kuyambira mu 1569 Mary anaikidwa m'manja mwa nduna ina, George Talbot wa ku Shrewsbury, kuti amsunge ngati wandende.

Makalata a Mary anali kuyang'anidwa, ndipo alendo ace anali kuwerengedwa. Cimene anamlola kucita mwaufulu ndico kupeta, pamodzi ndi mkazi wa womsungayo, Bess wa ku Hardwick. Anapeta mbalame, nyama, nsomba ndi maluwa, zambiri pozitengera m'mabuku a zithunzi. Pa nsalu ina anapetapo mphaka wa ubweya wofiira ali ndi kambewa pafupi. Ndipo popeza Elizabeth anali wa tsitsi lofiira, anthu ambiri oona nsaluyo amati mphakayo ndi Elizabeth, kambewako ndi Mary mwini wace.

Koma nsalu imene inabala mlandu inali mtsamiro umene Mary anatumiza kwa Thomas Howard, nduna yaikulu ya ku Norfolk, amene anafuna kumkwatira. Pa mtsamirowo panali dzanja loturuka m'mitambo, litagwira mpeni, likudula nthambi yosabala ya mpesa kuti nthambi yobala ikule bwino. Panalinso mau a Cilatini otanthauza kuti ukoma uphuka ukalasidwa. Munthu wamba akadati cithunzico ciphunzitsa kupirira m'masautso. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1571, pamene cinaululika ciwembu cocotsa Elizabeth pa mpando, John Leslie, bishopu wa ku Ross amene anali mtumiki wa Mary, anachula za mtsamirowo pofunsidwa. Adani a Mary anamasulira kuti nthambi yosabala ndiye Elizabeth, ndipo yobalayo ndiye Mary. Howard anaweruzidwa mu January 1572, nadulidwa mutu mu June caka comweco. Mary nayenso anaphedwa pa 8 February 1587. Komabe pamene Elizabeth anamwalira mu 1603, mpando wa England unagwera James, mwana wa Mary. Nsalu zambiri zimene akazi awiri aja anapeta zisungidwa ku nyumba yochedwa Oxburgh Hall, ndipo pakati pa izo pali ina ya dzanja ndi mpesa.

Akazi Opanda Voti pa Cisankho ca 1840

Patsidya pa nyanja ya Atlantic, ku United States, mtsogoleri wa dziko anali wosankhidwa, osati wobadwa pa mpando. Pamene George Washington, Pulezidenti woyamba, anamwalira mu December 1799, atsikana a m'masukulu ambiri anapeta zithunzi za maliro ace, za manda ndi mitengo yowerama. Umo ndi mmene nkhani za dziko zinalowera m'maphunziro a singano. Patapita zaka zowerengeka, amalonda a ku Berlin anayamba kusindikiza zithunzi pa mapepala a timabokosi ndi kuzigulitsa ku maiko ambiri, kotero kuti mkazi ali yense wodziwa kuwerenga timabowo anakhoza kupeta nkhope ya munthu wochuka.

Pa cisankho ca 1840 cipani ca Whig cinaimika William Henry Harrison, msilikari wakale wa zaka 67, kuti apikisane ndi Pulezidenti Martin Van Buren wa cipani ca Democratic. Nyuzipepala ina ya adani ace inamnyoza kuti ndi nkhalamba yoyenera kungokhala m'kanyumba ka mitengo ndi mbiya ya mowa wa maapulo. A cipani cace anatola citonzoco nacisandutsa cizindikiro cao, nati Harrison ndi munthu wa anthu wamba. Kanyumba ka mitengoko kanaoneka pa mipango, pa zofunda ndi pa mbendera. Ngakhale panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe wololedwa kuponya voti, akazi ambiri anafika ku misonkhano ya cipanico, ndipo magulu a akazi a m'midzi ndi m'mizinda anasoka mbendera nazipereka poyera kwa amuna amene anali kupita kukakopa anthu. Harrison anapambana, koma anamwalira pa 4 April 1841, atalamulira mwezi umodzi wokha.

Pano pali cenjezo. Harrison sanabadwire m'kanyumba ka mitengo iai. Anabadwira m'banja lolemera la ku Virginia, m'nyumba yaikulu ya pa munda wolimidwa ndi akapolo. Singano inapeta mokhulupirika cinthu cimene sicinali coona. Kukongola kwa nsalu sindiko umboni wakuti nkhani yace njoona, ndipo akazi aja anagwirira nchito amuna a cipani, osati ufulu wa iwo eni. Ngakhale ziri tero, anazolowera kuonekera pa nkhani za cisankho, ndipo cizolowezico sicinathe. Kufikira lero osoka zofunda za zigamba ku America ali ndi kasokedwe kena kochedwa Whig's Defeat, ndiko kuti kugonja kwa cipani ca Whig, ndipo amati dzinalo likumbutsa kugwa kwa Henry Clay pa cisankho ca 1844.

Mbendera za ku London

Ku Britain nako akazi analibe voti yosankhira aphungu a Nyumba ya Malamulo. Anapempha ndi makalata kwa zaka zoposa 40, koma sanamvedwe. Otsutsa anali kunena kuti mkazi wofuna voti ndi wosalongosoka, wotaya nchito za pakhomo, wofuna kudziyesa mwamuna. Yankho la akaziwo linali lanzeru: anatsimikiza kuonetsa dziko lonse kuti manja opempha voti ndi manja omwewo odziwa singano.

Mu 1907 Mary Lowndes, mmisiri wa magalasi a mitundumitundu a m'mazenera, anayambitsa bungwe lochedwa Artists' Suffrage League. Bungwelo linakonza mbendera zoposa 70 za ulendo waukulu umene unacitika mu London pa 13 June 1908, motsogozedwa ndi Millicent Fawcett. Akazi oposa 10,000 anayenda tsikulo kufikira ku Albert Hall. Mbenderazo zinali za silika ndi veleveti, zosokedwa ndi kupetedwa ndi manja. Zina zinali ndi maina a mizinda kumene akaziwo anacokera, zina zinachula nchito zao, monga anamwino, madokotala ndi olemba mabuku, ndipo zina zinalemekeza akazi omveka, monga Florence Nightingale ndi Marie Curie. Munthu woima m'mbali mwa mseu anakhoza kuwerenga pa nsalu funso limene palibe analinena ndi pakamwa: ngati akazi acita zonsezi, aperewera ciani kuti asankhe phungu?

Patangopita sabata limodzi, pa 21 June, gulu lina la akazi, lochedwa Women's Social and Political Union, limene Emmeline Pankhurst anayambitsa ku Manchester mu 1903, linacita msonkhano waukulu ku Hyde Park. Gululi linasankha mitundu itatu: wa cibakuwa kuimira ulemu, woyera kuimira kuyera mtima, ndi wobiriwira kuimira ciyembekezo. Kuyambira pamenepo ulusi wa mitundu itatuyi unali wokwanira kudziwitsa anthu kumene mtima wa mkazi unali, ngakhale iye asanatsekule pakamwa.

Maina a M'ndende

Boma silinagonje ndi mbendera. Akazi a gulu la Pankhurst anayamba kucita zinthu zoswa malamulo, ndipo ambiri anaponyedwa m'ndende ya Holloway mu London. Mu July 1909 mmodzi wa iwo, Marion Wallace Dunlop, anakana kudya pofuna kuti boma limuyese wandende wa ndale, osati mbala. Ena anatsata citsanzo cace, ndipo m'caka comweco boma linayamba kuwadyetsa mokakamiza. Anali kumgwira mkazi manja ndi miyendo, namlowetsa kapaipi ka mpira m'mphuno kapena kukhosi, nathiramo cakudya ca madzi. Ambiri anaturuka m'ndende thupi litaonongeka.

Mu 1910 Ann Macbeth, mphunzitsi wa kupeta pa sukulu ya zaluso ya ku Glasgow, anakonza nsalu yokhala ndi maina 80 a akazi amene anakana kudya m'ndende, dzina liri lonse lopetedwa monga mwini wace analilembera. Nsaluyo inanyamulidwa ngati mbendera pa ulendo wa mu June caka cimeneco, ndipo isungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya mzinda wa London.

Mu March 1912 akazi a gululi anaswa magalasi a masitolo akuluakulu a mu London, ndipo oposa 200 anagwidwa. Kusoka inali nchito imene oyang'anira ndende anaiyesa yoyenera akaidi aakazi, motero singano ndi ulusi sizinali kusowa m'katimo. Akaidiwo anatenga mpango wopukutira, yense nalembapo dzina lace, napeta ulusi pamwamba pa malembawo. Mpango umodzi wotere uli ndi maina 66 ndi malemba oyamba a maina ena awiri. Unasowa kwa zaka zambiri, kufikira unapezeka m'zaka za m'ma 1960 pa mulu wa nsanza zotsala pa malonda a zinthu zakale, ndipo tsopano uli ku Priest House m'mudzi wa West Hoathly. Mkaidi wina, Janie Terrero, anapeta pa nsalu yace maina a anzace amene anakana kudya pamodzi naye. Boma linali ndi mabuku ace olembamo akaziwo ngati opalamula. Iwo anadzilembera buku lao pa nsalu ngati mboni. Mlandu suola, ndipo lero nsaluzo ndizo zimene anthu apita kukaona.

Mu 1918, nkhondo yaikulu yoyamba iri pafupi kutha, Nyumba ya Malamulo inapatsa voti akazi a zaka 30 kapena kuposa amene anali ndi nyumba kapena cuma coyenerera, ndiwo akazi oposa 8 miliyoni. Mu 1928 akazi onse a zaka 21 analandira voti mofanana ndi amuna.

Nyenyezi 36

Mmodzi wa akazi amene anamangidwa ndi kudyetsedwa mokakamiza ku Holloway mu 1909 anali mlendo wa ku America, Alice Paul. Atabwerera kwao anatsogolera cipani cochedwa National Woman's Party. Zigawo zina za United States, makamaka za kumadzulo, zinali zitalola kale akazi kuvota, koma iye anafuna kuti ufuluwo ulembedwe m'malamulo akulu a dziko lonse. Pa 4 June 1919 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inabvomera kusinthako, koma lamulo linafuna kuti zigawo 36 mwa zigawo 48 zibvomerenso.

Alice Paul anatenga mbendera yaitali ya cibakuwa, yoyera ndi ya mtundu wa golidi, ndipo nthawi iri yonse cigawo cina cikabvomera anali kusokerapo nyenyezi imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pofika mu March 1920 nyenyezi zinakwana 35, ndipo panapita miyezi isanu malo a nyenyezi yotsiriza ali opanda kanthu. Pa 18 August 1920 cigawo ca Tennessee cinabvomera. Iye anasoka nyenyezi ya 36, natambasula mbenderayo pa khonde la pamwamba la nyumba ya cipani cace mu Washington. Komabe ufuluwo sunafike kwa onse tsiku limenelo. M'zigawo za kumwera anthu akuda, amuna ndi akazi, anatsekerezedwa ndi misonkho, mayeso a kuwerenga ndi ziopsezo, kufikira lamulo lina loteteza voti yao linakhazikitsidwa mu 1965.

Pamene Voti Inalandidwa

Munthu angayese kuti akazi atalandira voti, singano inabwerera ku nchito yace ya maluwa. M'maiko a mtendere zinaterodi. Ku America anthu apetabe pa mitsamiro njobvu ya cipani ca Republican ndi bulu wa cipani ca Democratic, koma acita zimenezi mwa cisangalalo, popeza ali ndi njira zina zonenera maganizo ao. Koma kumene voti ilandidwa, singano iyambanso kulankhula.

Pa 11 September 1973 asilikari a ku Chile, motsogozedwa ndi Augusto Pinochet, anagwetsa boma losankhidwa la Salvador Allende. Anatseka Nyumba ya Malamulo, naononga mabuku a maina a ovota. Anthu oposa 3,000 anaphedwa kapena kusowetsedwa m'zaka za ulamuliro umenewo. Akazi osauka a mu Santiago, amene amuna ao ndi ana ao anatengedwa usiku osabweranso, anayamba kusonkhana pansi pa citetezo ca Mpingo wa Katolika, makamaka bungwe lochedwa Vicaría de la Solidaridad, limene Kadinala Raúl Silva Henríquez anakhazikitsa mu 1976. Anatenga ziguduli za matumba a ufa, nasokerapo tizigamba, nthawi zina todulidwa ku zobvala za osowawo. Anasonyezapo mapiri a Andes, asilikari ogogoda pa zitseko, miphika yophikira mudzi wonse, ndi akazi ofunsa kumene abale ao ali. Nsaluzi, zochedwa arpilleras, zinagulitsidwa kunja kwa dziko. Zinadyetsa ana a osokawo, ndipo zinauza maiko ena zimene manyuzipepala a m'Chile sanaloledwe kulemba. Pa 5 October 1988 anthu anapatsidwa mpata wakuvota ngati Pinochet apitirize kulamulira, ndipo pafupifupi 56 mwa anthu 100 ali onse anakana. Anacoka pa mpando mu March 1990.

Mtanda wa Ulusi ndi Mtanda wa pa Pepala

Mbiri yonseyi iphunzitsa cinthu cimodzi: munthu womanidwa mau sakhala wopanda maganizo, ndipo adzafuna njira yowaturutsira ndi cipangizo ciri conse cimene amsiyira m'manja. Amene anapatsa akazi singano kuti akhale cete anawapatsa colembera cimene inki yace siifufutika msanga.

M'dziko la Zambia, limene panthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, cisankho ca mu January 1964 ndico cinali coyamba pamene akulu onse, amuna ndi akazi, olemera ndi osauka, anali ndi voti. Lero nyengo ya cisankho ikafika, zitenje za nkhope za atsogoleri zidzaza misika ndi misonkhano. Zitenjezo zisindikizidwa ndi makina zikwizikwi, ndipo kawirikawiri zigawidwa kwaulere. Munthu akhoza kubvala ca cipani ici m'mawa, nabvala ca cipani cina madzulo. Mpango wa ku Holloway sunali wotero. Dzina liri lonse pamenepo linagulidwa ndi miyezi ya m'ndende.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu, akakwanitsa zaka 18, alowa yekha m'kacipinda, nalemba kamtanda kamodzi pa pepala. Nchitoyo siitha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo cifukwa ca kupepuka kwace ena aipeputsa, ena aigulitsa ndi citenje kapena mcere, ena angokhala pakhomo tsikulo. Otere ayenera kukumbukira kuti kunali anthu amene anapeta timitanda ta ulusi zikwi zambiri, ena ali m'ndende, ena ali ndi njala, pofuna kuloledwa kulemba kamtanda kamodzi kameneko. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Ndipo cinthu copezeka ndi khama lotere siciyenera kutayidwa ngati nsanza.